Thu Koloko ku Toledo

Thu koloko ikakwana, m'nyumba mwathu ku Toledo
foni inkalira mpaka kutopa yokha.
Mayi anga, a Bernadine Wozniak,
ataweruka m'mamawa ku fakitale ya magalasi
n'kugona maola asanu okha,
ankadzuka maso ali psuu
n'kuimika tebulo lositira patsogolo pa kanema.
Malaya a bambo anapsa kolala kawiri
chifukwa cha anthu a ku Harlowe Falls,
tauni yosapezeka pa mapu alionse,
komwe sitinaonepo munthu akulipira lendi
koma aliyense anali ndi loya wake.

Ndinakulira pansi pa tebulolo,
nthunzi ya simbi ikunditsikira m'khosi.
Mawu oti chisudzulo ndinawadziwa
ndisanaphunzire kumanga zingwe za nsapato.
Vivienne anakwatiwa kasanu ndi kanayi,
kawiri ndi mwamuna mmodzimodziyo.
Anamwalira katatu.
Ulendo wachiwiri mayi anavala zakuda
natumiza khadi lachipepeso ku New York,
ndipo patapita miyezi isanu ndi iwiri
malemuyo anakankha chitseko cha tchalitchi
ukwati wa mwamuna wake uli mkati.
"Ndinanena ine," anatero mayi. "Mtembo sitinauone."

Anthu ankaseka.
Ati za amayi osowa chochita,
misozi yogulitsira sopo.
Koma ndani wina anabwera kwathu
masiku asanu pa sabata, zaka makumi anayi,
chipale chofewa chitatseka msewu,
fakitale itatseka zipata,
ngakhale sabata ija tinaika bambo m'manda?
Abale anabwera ndi mbale zovundikira, n'kupita.
Vivienne anabweranso Lolemba.

Kenako amayi a mumsewu wathu anapeza ntchito zamasana.
Otsatsa sopo anawerenga mitu, napeza yaimvi yokhayokha.
Masewero anayamba kuguluka limodzilimodzi ngati mano.
La a Loretta oyandikana nafe linatha m'chilimwe,
ankabwera kudzaonera lathu
atakhala m'mphepete mwa sofa ngati wamasiye wodyera kwa eni,
akufunsa monong'ona kuti uyu ndi mwana wa ndani.
Lathu linatha Lachisanu lina la Seputembala.
Onse anaima pa mlatho akumwetulira,
ngakhale aja anathirana poizoni m'khofi.
Lolemba lake pa thu koloko
panali mnyamata wa mano oyera mbee
akutiphunzitsa kudula anyezi.

Lero mayi ali kunyumba yosungira okalamba, chipinda nambala 14.
Dzina langa linawathawa chaka chatha.
Amanditcha nesi,
nthawi zina Halina, mng'ono wawo amene anatisiya kalekale.
Ku Harlowe Falls matenda oiwala anali ngati chimfine:
munthu ankagunda mutu pa masitepe, n'kuiwala mkazi wake,
koma pofika Lachisanu,
kanyimbo kena kakalira, kapena akamva fungo la mafuta odzola,
zonse zinkabwerera, misozi ili chuchuchu.
Ine ndadikira, Lachisanu ndi Lachisanu.

Ndiye ndimanyamula makaseti,
aja ankajambula akakhala ndi tsiku lokaonana ndi dokotala,
olembedwa ndi dzanja lawo: OSAFUFUTA.
Makina ake ndinagula pakhomo pa munthu wosamuka,
madola asanu ndi atatu, rimoti palibe.
Chithunzi chimanjenjemera,
nkhope zonse zinasanduka zobiriwira,
pakati pake pamadutsa malonda a sopo amene analeka kupangidwa.
Koma chitseko cha tchalitchi chikangoti kwee,
mayi amawongoka pampando,
amandigwira dzanja zolimba ngati kale powoloka msewu:
"Mtsikana iwe, taona! Ndinanena ine!"

Sindifunsa kuti mtsikanayo ndani.
Ndimabweza tepi m'mbuyo.
Vivienne amatuluka chafutambuyo, chitseko chimatsekeka,
mkwati amapumira m'mwamba pang'ono,
ndipo tonse awiri, manja ali chigwirire,
timadikira kuti aukenso.